Pulogalamu Imene Inkadana ndi Mayi Keziya

Lolemba, 3 Malichi

Yafanso. Kachitatu lero.

Ndinali pakati pa mapepala a thiraki ya soya. Dzina la dalaivala, nambala ya galimoto, kulemera kwa katundu, zonse ndalemba, kwangotsala kudina kamodzi kuti ndisindikize. Sikirini mbee! Kabokosi kachizungu kopepesa, kenako zii. Zonse zapita. Kuyambiranso, madalaivala asanu ali pakhonde kundisuzumira pawindo ngati akuonera mpira.

Pulogalamu imeneyi a malume anaigula mu Januwale ku kampani ina ya ku Lilongwe, ati ofesi yathu yokonza mapepala a katundu wodutsa pa boda ioneke yamakono. Ine anandilemba ntchito chifukwa cha iyo yomweyo. Miyezi itatu yondiyesa, ikutha pa 31 mwezi uno. Kunyumba ndi malume anga, kuno ndi bwana Greyson, ndipo bwana Greyson alibe mbumba.

Lero anena poyera, chala chikugogoda tebulo: "A Consolata, makasitomala akuthawira kwa anzathu. Mwezi ukatha chinthuchi chikufabe, kapena ndikadziwa amene akuchiononga, munthuyo azipita. Sindiyang'ana nkhope." Muofesi muno tilimo atatu: iwo, ine, ndi mayi Keziya okolopa ndi kuphika tiyi. Iwo sangadzichotse okha.

Ntchitoyi ndikuifuna, Mulungu akudziwa. Zaka ziwiri kumudzi kwa Zulu, satifiketi ili m'sutikesi, ine ndikuswa mtedza pakhonde. Zobwererako ayi.

Lachiwiri, 4 Malichi

Tapereka dandaulo ku kampani. Foni yawo yangondiimbira nyimbo mphindi khumi, ndiye ndalemba pa fomu ya pa intaneti.

A malume kumbuyo kwanga, manja m'chiuno. Magalasi awo anaiwalika kunyumba chaka chimene sindichidziwa, ndiye imelo iliyonse ndimawawerengera ndine, n'kuwamasulira m'Chichewa. Kulemba nakonso ndine, iwo amangolamula. Ati munthu sumuyamba ndi madandaulo. Choyamba moni. Kenako tifunse ngati ku Lilongwe mvula ikugwa bwino. Kenako tithokoze chifukwa cha pulogalamu yawo yabwino zedi. Kabokosi kake kamangolola zilembo zowerengeka, moni wadya malo onse. Vuto lenileni lapeza mzere umodzi: nthawi zina imazima pang'ono.

Pansi pake funso: vutoli ndi laling'ono, lapakati, kapena lalikulu? Tayang'anana. Lalikulu ndi maliro. Lalikulu ndi moto, kapena thiraki kugwera m'mtsinje. Palibe wafa, palibe wavulala. Ndipo anthu osawadziwa ungawauze bwanji kuti chinthu chawo chili ndi vuto lalikulu, si chipongwe chimenecho? Tasankha laling'ono, tonse tili okhutira kuti tinaleredwa bwino.

Yafa kawiri ine ndikulemba fomuyo.

Lachinayi, 6 Malichi

Yankho labwera dzulo, la makina. Dandaulo lathu alipatsa nambala, 417. Mavuto akuluakulu amayankha tsiku lomwelo, aang'onoang'ono pakatha masiku asanu ndi awiri ogwira ntchito. Manyazi anapha lambe.

Ndaimbanso foni, ndapirira nyimbo yawo mpaka ndayamba kuiloweza. Wayankha munthu weniweni, a Joe. Mawu ofatsa ngati namwino wa ku sikelo. Funso loyamba, ngati ndayesa kuzimitsa n'kuyatsanso. Ndati abambo, imadzizimitsa yokha, mbali imeneyo sivuta. Aseka. Ati ndiye munalemberanji kuti laling'ono? Ndati ulemu. Ati ulemuwo makina awo saudziwa, alisintha okha likhale lalikulu.

Andipatsa ntchito: ndizilemba nthawi iliyonse ikafa, ndi zimene zimachitika muofesi mphindi imeneyo. Chilichonse, ngakhale chooneka chopusa. Ndagula kope la mizere, ndajambula ndandanda ndi lula. Wapolisi wofufuza milandu, ndine amene.

Vitus wadutsa masana. Thiraki ya simenti, kuchokera ku Chipata. Wandisiyira botolo la maheu pawindo, kumangomwetulira ndi kampata ka m'mano kaja. Pakhoma pathu pali pepala lolembedwa ndi a malume, lamulo lachinayi: wantchito asachite chibwenzi ndi dalaivala. Ife si chibwenzi. Anangondipatsa layini ya ku Zambia kuti tizilemberana mosavuta, poti netiweki yawo imalowa pawindo lathu kuposa yakwathu, ndipo amaikamo bandulo osandifunsa. Timakamba za maenje a mumsewu. Basi. Mtimawu ndi umene umathamanga wokha popanda woutuma.

Bandulo yake ndi yochuluka, ndiye ndimagawirako mayi Keziya. Mwana wawo ali ku Joni, amatumiza mavidiyo a khanda. Kale ankapempha, "Tandiyatsirako kamphepo kaja, mwanangu, ndimuone mdzukulu." Pano sapemphanso. Ndikangomva makapu akulira, ndimayatsa hotisipoti foni ili mudilowa, iwo n'kukakhala pakona ndi kafoni kawo, kumaseka okha.

Lachisanu, 7 Malichi

Kope langa la masiku awiri: 10:04, 10:11, 3:02. Lero 10:06, 3:03, 3:15.

A malume aliyang'ana atalitalikitsa, ngati chithunzi. Manambala amawaona popanda magalasi. Ati imeneyi ndi nthawi ya tiyi. Mlandu wagwera ketulo, kuti ikumwa magetsi a kompyuta. Ketulo yathamangitsidwa, tiyi waphikidwa pa mbaula kuseri. Fili koloko mayi Keziya kulowa ndi thireyi, sikirini mbee.

Mlandu wasamukira pa mopu, ati chinyezi. Mopu wake anali atauma kalekale padzuwa.

Goliati, dalaivala wa thiraki yamafuta, pakamwa ngati wailesi: "Si ketulo ayi bwana, mayiwa ali ndi magetsi m'thupi. Kwathu kunali wina, akadutsa wotchi imaima." Pakhonde ponse phwete. Mayi Keziya nawo aseka, amuopseza ndi supuni. Nane ndaseka, ndalembanso m'kope: 3:15, Goliati akubwebweta.

Lolemba, 10 Malichi

Mayi Keziya sanabwere, anapita kukapimitsa maso ku chipatala ku Boma. Tsiku lonse pulogalamu osafa ngakhale kamodzi. Mathiraki khumi ndi anayi, mapepala kutuluka ngati madzi.

Ndimayenera kusangalala. Koma a malume akhala masana onse akuyang'ana pakona pamene mayiwo amakhala, ndipo mayang'anidwe amenewo a a malume ndimawadziwa. Goliati wadutsanso, nthabwala yomweija, koma lero aseka ndi ochepa. Wina waika foni yake m'thumba lam'kati, ngati kuti mayiwo atulukira nthawi yomweyo n'kuizimitsa.

A Joe aimba okha. Ndawawerengera kope lonse, mpaka za mbaula. Ati ndine kasitomala woyamba kuwatumizira nkhani ya mopu. Akuti pulogalamuyi ili ndi kabuku kake kobisika, mmene imalemba zonse zimene yakumana nazo isanafe, ndiwatumizire. Anditsogolera pafoni, dinani apa, tsegulani apo. Ndatumiza. Nayonso kani imasunga zolemba za tsiku ndi tsiku ngati ine. Ndikhulupirira kuti zake zilibe maheu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mayi Keziya abwera ndi mankhwala a m'maso. Makapu kulira, 10:03, yafa.

A malume awaitanira mkati, chitseko chosatseka bwino. Ati sakuwanamizira kanthu, iwo ndi mkulu wa mpingo, zamatsenga sakhulupirira, koma bizinesi ndi bizinesi. Ayambe apuma kunyumba mpaka mwezi uthe, kenako tiona. Tonse tikudziwa tanthauzo la tiona.

Mayiwo atsuka makapu onse kaye, apukuta, asanja. Potuluka andiuza chapansipansi: "Zaka zisanu ndi zinayi ndakolopa muno. Chinthu chakocho sindinachikhudzepo, ndimachilambalala ngati manda."

Fili koloko yakwana. Pulogalamu ili moyo.

Ndilembe zoona, poti buku langa ili si kope la ndandanda lija, saliwerenga wina. Chimene ndamva koyamba si chisoni. Ndi mpumulo. Kuti si ine. Chisoni chabwera pambuyo, mochedwa ngati minibasi ya Lamulungu.

Lachitatu, 12 Malichi

Mayo ine.

Imelo ya a Joe, hafu naini. Ndaiwerenga katatu, kachitatu ndili chiimire.

Akuti apeza. Pulogalamuyi anaipanga kuti izigwira ntchito m'Malawi mokha, kuopa akuba. Ikangoona kuti yalowa pa intaneti ya dziko lina, imayenera kuchenjeza, koma m'malo mochenjeza imangogwa chagada, ndipo pamenepo akuvomera kuti cholakwa ndi chawo, akonza. Sanaganizepo za ofesi imene Zambia imalowera pawindo. Koma chimene chimaitengera ku Zambiako n'chiyani? Kabuku kaja kakuonetsa kuti nthawi iliyonse isanafe, kompyuta imasiya intaneti yofooka ya muofesi n'kudumphira pa hotisipoti ina yamphamvu, ya layini ya ku Zambia. Ndipo dzina la hotisipotiyo alilemba, m'zilembo zakuda bii, pamzere wakewake:

VitusWangaWanga

Ndinaitcha choncho mu Januwale, tsiku limene anandipatsa layini. Ndinkati ndani angaone. Mayi Keziya zilembo zing'onozing'ono saziona, foni yawo ndinawalumikizira ndine. Ndipo sabata yomweyo intaneti ya muofesi itazima tsiku lonse, ndinalumikiza kompyuta ku foni yanga kuti ntchito isaime, a malume n'kundiyamika kuti ndine wochangamuka. Kompyuta sinaiwale. Ikangomva fungo la Vitus, imathamangira komweko. Ngati ine ndithu.

Si ketulo. Si mopu. Si mayi Keziya. Ndine, ndi chala changa ichi, mudilowa.

Imeloyo yapitanso kwa a malume, poti pa fomu tinalemba maadiresi athu onse awiri. Foni yawo kulira, iwo kundipatsa: "Tawerengani, akuti chiyani akuluakuluwo?" Ndawerenga moni. Ndawerenga kuti cholakwa china n'chawo ndipo akonza. Pofika pa zilembo zakuda ndatsokomola, ndadumpha, ndatera pa mawu otsanzika. Ati basi? Ndati basi, zinazo n'zachizungu cha makompyuta.

Masana a Joe aimba. Aulemu ndithu, koma kuseka kumamveka kuseri kwa mawu: "Pepani achemwali, a Vitus amenewa ndi antchito anzanu?" Ndati ndi kasitomala. Ati chabwino, kasitomala ameneyo muzimuzimitsa nthawi ya ntchito. Andionetsa poiwalitsa kompyuta dzinalo. Kudina kawiri kokha. Zikanakhala choncho ndi anthu.

Lachisanu, 14 Malichi

Masiku atatu osafa. A Joe atseka nambala 417, anditumizira nyenyezi zisanu zoti ndiwapatse. Ndawapatsa zonse.

A malume akuyenda chifuwa patsogolo. "Mwaona? Ine sindinena kanthu, koma mwaona?" Auza Goliati, ndiye kuti auza boda yonse mpaka ku Chipata. Kwa ine ati kalata yondikhazika pantchito ndiilembe ndekha sabata yamawa, iwo adzangosaina.

Ndi chimene ndinkafuna. Ndiye bwanji sindikusangalala?

Tiyi ndikuphika ndine. A malume amwa kamodzi, ayang'ana m'kapu, aikankhira pambali. Pansi pachita fumbi. Pakona paja ndaikapo bokosi la mapepala kuti ndisamapaone.

Ndadziwerengera zifukwa. Ndikanena, ndaononga ndine, ndanama ndine, lamulo lachinayi ndaswa ndine, milandu itatu pa munthu mmodzi. Mayi Keziya ali ndi mwana ku Joni. Ine ndili ndi sutikesi. Komanso sindinanene kuti ndi iwo, ndangokhala chete. Zifukwa zabwinobwino, zokwana kudzaza fomu. Palibe ngakhale chimodzi chimene chandikhutiritsa.

Vitus wadutsa dzulo. "Muoneka monga mwadwala, a Konso, nichani?" Ndati chimfine. Wabwerera kuthiraki, wandibweretsera mandimu atatu. Dzina la hotisipoti salidziwa. Za mtima wanga sanandifunsepo, nanenso za wake sindidziwa. Mwina mandimu amapatsa aliyense.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinapita ku msika kwa Kamwendo kukagula nsapato za kaunjika. Sindinagule.

Mayi Keziya ali pamphasa pambali pa msewu, akugulitsa chimanga chootcha cha mpongozi wawo. Andiona ndisanabisale. Kundikumbatira, kundisankhira chimanga chachikulu, ndalama kukana.

Nkhani inafika kale kuno, inakwera thiraki. Wa shopu yotchajira mafoni anawauza kuti aziimira panja. Ku kwaya, mayi woyimba kiyibodi anawapempha mwaulemu kuti asamukire mzere wakumbuyo. Akundifotokozera akuseka, koma maso osaseka. "Ndakalamba ndi mbiri yabwino, mwanangu, ndiye ndikafere pa kompyuta?"

Kenako ati kamphepo kaja akukasowa, akumva kuti mdzukulu wayamba kuyenda. Ndawayatsira pa layini yakwathu. Taonera limodzi, kamwana kakudzandira kuchoka pampando kupita kwa mayi ake, kugwa, kudzuka. Abwereza kasanu. Chimanga china chapserera pamoto.

Potsanzikana andigwira dzanja: "Iwe usadandaule za ine. Gwira ntchito, usawakhumudwitse amalume ako. Ndiwe mwana wabwino."

Bola akanandimenya ndi chitsononkho.

Mu minibasi ndalira kuyambira pa Kamwendo mpaka pa Boma, kondakitala n'kumandifunsa ngati ndaferedwa.

Lolemba, 17 Malichi

Ndikulemba ndili pa benchi ya okwera kabaza, teni koloko m'mawa, nthawi imene anthu a ntchito amakhala pantchito.

Ndinafika seveni koloko. Ndakolopa, ndachotsa bokosi pakona. A malume atangokhala pansi ndati bwana, imelo ija ya Lachitatu sindinamalize kuwerenga. Andipatsa foni. Ndawerenga kuyambira pa moni, mzere ndi mzere, Chizungu kenako Chichewa, ngati womasulira ulaliki. Pa zilembo zakuda panalibe chomasulira, zinali kale m'chinenero chathu. Ndangozitchula.

Ati bwerezani. Ndabwereza. Goliati anali pawindo, nkhani yoti ifike ku Chipata isanakwane naini koloko.

A malume andiyang'ana kumaso.

"Ndiye kuti ndinathamangitsa mayi wosalakwa, inu mukudziwa?" Ndati kuyambira Lachitatu ndimadziwa. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ati makiyi a ofesi ndiike patebulo. Ndaika. Ati ndikwere kabaza, kenako minibasi, ndikawatenge mayi Keziya ndekha, ndipo ndikanene zimene ndanenazi mokweza, pamsika pomwepo, wa shopu yotchajira mafoni amve. Ku kwaya a malume akanena okha Lamulungu, poti nawonso ali ndi gawo lawo la manyazi.

Ndatembenuka kuti ndizipita. Ndafika pachitseko.

"Konso." Osati a Consolata. Konso, ngati kunyumba. "Bwana wathana nawe. Tsopano khala pansi, akufunse malume ako. Vitus ameneyu ndi wa kwa yani?"

Ndati wa ku Chipata. Ati Chipata si mtundu wa munthu. Makolo ake? Sindidziwa. Mpingo? Sindidziwa. Ndiye umadziwa chiyani? Ndati amayendetsa simenti. Agwira kumutu.

Chigamulo chawo n'ichi. Lamulo lachinayi limaletsa chibwenzi, silinena za chitomero. Loweruka likubwerali mnyamatayo abwere kunyumba ndi akwawo, adzaonekere ngati munthu. Akabwera, Lolemba makiyi ndidzawapeza pomwe ndawasiya. Akapanda kubwera, ndiye kuti zinali zachibwana, ndipo kwa Zulu mtedza ukukhwima mwezi wamawa.

Ndinafuna kunena kuti malume, munthuyo sanandifunsire. Kuti chimene ndili nacho ndi maheu, mandimu atatu ndi nkhani za maenje. Koma ndangotuluka.

Mtima wapepuka, ntchito ndilibe, ndipo ndili ndi masiku asanu oti ndiuze mwamuna kuti akundikwatira. Wa kabaza wafunsa kawiri ngati tikupita. Foni ili m'manja. Ndalemba "Mwadzuka bwanji a Vitus," ndafufuta. Ndalembanso, ndafufutanso. Kachitatu chala chatsetsereka, zapita.

Wawerenga. Akulemba. Wasiya. Akulembanso